Mwana wa a Perala Si Nyambo

Alamu anga a Rudy Perala sankakhulupirira munthu womwetulira popanda chifukwa. Wogulitsa magalimoto, m'busa watsopano, dokotala wa mano, ngakhale mkulu wolosera zanyengo pa wailesi, onsewo ankawamvetsera atapendeketsa mutu, diso limodzi atalitsinzina. Ukawapatsa moni wansangala kwambiri ankayamba kusinkhasinkha kuti ukufuna kubwereka chiyani, makwerero kapena fosholo. Anakwatira mng'ono wanga Gail, ndipo paukwati pomwepo ndinawaona akutokosa keke ndi foloko, ati aone ngati wophikayo sanabe mazira.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, manja okhakhala. Tauni yathu ili kumpoto kwa Minnesota, komwe dothi n'lofiira ndi chitsulo, ndipo iwo, monga bambo awo, anagwira ntchito kumgodi mpaka kupuma. Ankakonza zimalole zonyamula miyala, zija tayala lake limodzi limaposa denga la khitchini. Anzawo ankati kampani inawalemba chifukwa ankalowa thupi lonse pamalo pomwe ena ankangopisapo mkono. Iwo sankaseka nawo.

Achikulire kwathu amakumbukirabe mmene a Rudy ankasewerera hoki, masewera a pa ayezi omenya kampira ndi ndodo, ali mnyamata, bwalo la ayezi lisanafoleredwe, oonerera akupondaponda pa chipale chofewa kuti zala zisaume. Ankadutsa pakati pa zimphona ngati mphaka pansi pa tebulo. Chaka chawo chomaliza kusekondale kunabwera kochi wa koleji ina, wachipewa chokongola, n'kudya kwa makolo awo, n'kuyamikira buledi wa amayi awo, n'kulonjeza kuti mwanayu akaphunzira ulere. Masewera a chakacho atatha, anakumana pakhonde la chipinda chovalira, a Rudy atavula nsapato za pa ayezi zija zimawonjezera munthu msinkhu. Kochiyo anawasanjika dzanja pamutu, n'kulikokera pachifuwa pake ngati akuyeza, n'kungoti, "Aa, kani." Sanabwerenso. A Rudy nkhaniyi sankaikamba. Ine ndinaimva kwa Gail.

Ife a kwa Sundquist ndife ataliatali ngati mitengo ya paini, ndipo Gail ankawaona amuna ake pa liwombo. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Toivo, anatsata bambo ake. Ankadya ngati wolima, mkaka kumwa ngati thole, msinkhu ayi. Liwiro lokha ndi maso. Kampira kakafika pa ndodo yake, anthu pa mabenchi ankaimirira asanadziwe chomwe akuimirira.

Toivo anali ndi mnzake wa pamtima, Tanner Vukelich, mwana wa a Milan a sitolo ya misomali ndi utoto. Tanner ankasewera kumbuyo, ndipo anali chimunthu choti polowa pakhomo panga ankawerama. Akakukanikizira ku matabwa a m'mbali mwa bwalo, magalasi ankanjenjemera mpaka kwa ine kokazinga masoseji. Koma manyazi ake! Popanda Toivo sankatha ngakhale kuitanitsa chakudya. Ankaima kumbuyo kwa kamnzakeko, Toivo n'kumati, "Amayi aakulu, masoseji awiri awiri, a chimphonachi muike sosi wa mpiru wambiri."

Ine dzina langa ndi Marlys, ndipo ndakhala zaka zambiri pa windo logulitsira khofi m'bwalomo. Aliyense wolowa amadutsa pa ine. Osaka osewera a m'makoleji ndimawadziwira patali: amakhala okha pakona, samakuwa, samaombera m'manja, chigoli chikalowa iwo amayang'ana kwina.

Ameneyu anabwera Loweruka lina masana, anyamata aja ali m'chaka chawo chomaliza. Anali wa jekete lobiriwira, imvi pang'ono m'mbali, mawu ofewa. Anagula khofi n'kukhalabe pa windo.

"Mayi, kamnyamata kothamanga kaja, kovala nambala naini, n'ka ndani?"

"Ndi mwana wa mng'ono wanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pomwe kauntala inandibisa, nkhope yake n'kuwala. "Oo, ndinu a kuchikazi? Nonse kwanu ndinu otalika chonchi?"

"Mwabwera kudzaona hoki kapena kudzafunsira mbeta?" ndinatero.

Anaseka, n'kunena kuti dzina lake ndi Craig Ostby, wothandizira kochi pa koleji ina yaikulu ya kummwera, ya timu imene timaionera pa kanema. Anapempha nambala ya kwa a Perala. Ndinamupatsa, n'kuimbira Gail nthawi yomweyo kuti akonzekeretse amuna ake.

Lamlungu lotsatira anabwera kudzadya. Gail anandiitana kuti ndikathandize, koma chenicheni n'chakuti ndikakhale pakati. Anaphika ma pasti, buledi wopinda uja wa nyama ndi mbatata m'kati amene amuna athu ankanyamula kumgodi, ndipo anatulutsa mbale zosungira alendo. A Rudy anavala malaya a ntchito dala.

A Ostby anavula nsapato pakhomo monga timachitira m'nyengo ya chipale, ndipo ndinawaona akuyang'ana nsapato za Toivo zomwe zinali pamphasa. Polowa pabalaza anaima pa zithunzi za pakhoma.

"Awa ndi ndani, aatali awa?"

"Alongo anga," anatero Gail.

"Anasiya kukula ali ndi zaka zingati, mukukumbuka?"

A Rudy anakhosomola. "Akulu, ng'ombe timagulitsa mu Ogasiti, kuchionetsero. Pano ndi pakhomo pa anthu."

Mlendoyo sanakhumudwe. Anati ndi ntchito yake kufunsa, koma iye payekha msinkhu sauwerengera. Anati masewerawa asintha, oweruza salolanso zokokana malaya ndi kumangirirana ndodo, ndiye wamfupi waliwiro akumavutitsa zimphona. Anatchula zomwe Toivo anachita dzulo lake, zing'onozing'ono zomwe ngakhale ine sindinazione: mmene anadikirira kuti wotchinga atembenuze phazi, mmene anabwererera kukathandiza kumbuyo chigoli chitakanika. Toivo anali ataweramira m'mbale, makutu ali psuu, akumwetulira yekha.

"Pa timu yanupo," anafunsa a Rudy, "alipo angati oti ine ndingawayang'ane m'maso osakweza chibwano?"

"Pakali pano palibe, bambo Perala. N'chifukwa chake ndili pano."

"Yankho labwino. Munalikonzekera m'galimoto?"

"Rudy!" anatero Gail.

Zinthu zinayamba kuyenda bwino titafika pa khofi. A Ostby anawonjezera pasti wachiwiri, anafunsa za mgodi, anamvetsera nkhani ya injini mpaka kumapeto, chinthu chomwe ife a pabanja tinalephera kalekale. Ndinaona diso la a Rudy lija likuyamba kutseguka. Kenako mlendoyo, akupukuta pakamwa, anafunsa ngati nkhani yongodutsa:

"Nanga mnzako wamkulu uja, Vukelich, amabwerabwera kuno? Ndamva kuti simusiyana."

Supuni ya a Rudy inaima m'kapu.

Galimoto ya mlendo isanakhote pakona, iwo anali atayamba kale. "Mwamva? Mwamva nonse? Wadya pasti wathu awiri kuti afunse funso limodzi lija. Akufuna chimphona. Akudziwa kuti chimphonacho sichingapite kulikonse popanda uyu. Mwana wangayu ndi nyambo, Gail. Nsomba ikakodwa, nyambo amaitaya m'madzi."

"Adadi, wangofunsa," anatero Toivo.

"Aliyense amangofunsa."

"Wanena za mmene ndinabwererera kumbuyo. Akanakhala kuti sankandiyang'ana akanadziwa bwanji?"

"Wakuba galu amayamba wadziwa dzina la galuyo."

Gail anawauza kuti asiye kudwalitsa mwana ndi matenda awo akale. Ine ndinati, "Alamu, si aliyense wovala jekete labwino amene ndi kochi wanu uja." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu a Marlys, mumakhulupirira ngakhale zolemba pa paketi ya masoseji."

Nyengo yozizira inapitirira, a Ostby akuimba foni pafupipafupi. Ankacheza ndi Toivo za sukulu, za bondo lomwe linkamuvuta, za zomwe akufuna kukaphunzira. A Rudy ankaima pakhomo la khitchini, nsanza ili m'manja, akumvetsera mbali imodzi ya machezawo. Foni ikatha funso lawo linali limodzi: "Wamutchula Vukelich?" Nthawi zina Toivo ankati ayi. Nthawi zina ankati, "Wangoti ndimupatse moni." A Rudy ankagwedeza mutu ngati dokotala amene waona chomwe amayembekezera.

Kwa a Vukelich nakonso a Ostby ankaimba, pamodzi ndi makoleji ena angapo, poti Tanner ankafunidwa ndi ambiri. Zimenezi sizinali zobisika. Koma a Rudy atamva kuti anyamata onse awiri aitanidwa limodzi kukaona kolejiyo masewera akatha, galimoto imodzi, chipinda chimodzi, anangoti, "Basi." Gail anaganiza kuti avomera. Ine ndinaona kuti ayi, poti munthu wovomera sakhala chete motero.

Linali Loweruka linanso masana, titapambana, Toivo atamwetsa ziwiri. Anthu ankatuluka akuphokosera, ana akuthamangitsana ndi timitengo pakhonde. A Ostby anabwera pa windo langa kudzagula khofi wa paulendo, ndipo a Rudy, omwe chibadwire sanayambe apita okha kukalonjera mlendo, anabwera n'kuima pambali pawo.

"Mwaona bwanji lero, akulu?"

"Mwana wanu wandisangalatsa, bambo Perala. Chigoli chachiwiri chija n'chaukatswiri."

"Eya. Komatu pepani za Vukelich."

"Watani Vukelich?"

"Simunamve? Wavomera kale kwina. Koleji ina ya kummawa uko. Bambo ake andiuza okha, kungoti sakufuna zimveke msanga."

Ine khofi anasefukira m'kapu mpaka kundiotcha chala. Ndinkadziwa kuti n'zabodza, poti mayi ake a Tanner anali atandidandaulira m'mawa womwewo kuti mwana wawo akulephera kusankha. A Ostby anayang'ana a Rudy, kenako anati, "Zikomo pondiuza." Anatenga khofi wawo n'kutuluka.

"Alamu, mwachita chiyani?" ndinanong'ona.

"Ndachotsa nsomba m'dziwe. Tione ngati msodzi akhalebe."

"Mwanama pamaso panga!"

"Inu gulitsani khofi."

Foni sinalirenso. Sabata inatha, inanso n'kutha. Toivo ankabwera kuchokera kusukulu n'kufunsa amayi ake ngati wina anaimba, kenako anasiya kufunsa. Anayesa kuimba yekha, n'kusiya uthenga, osayankhidwa. Anayamba kuganiza kuti mwina anasewera moipa, n'kumakhalira m'bwalo anzake atapita, akumenya kampira kukhoma mpaka wosesa ayezi kumuthamangitsa. A Rudy ankayenda m'nyumba ngati munthu amene wapambana mlandu koma alibe womuuza. Ine ndinauza Gail. Gail anawakalipira kuchipinda, chitseko chili chotseka, koma onse awiri anagwirizana kuti mwana asamve mpaka masewera a chakacho atatha.

Chomwe a Rudy sanaganizire n'chakuti osaka osewera aja, ngakhale amakhala motalikirana pa mabenchi, amadyera malo amodzi pamsewu. Nkhani inayenda. Mafoni a kwa a Vukelich nawonso anayamba kuchepa. Kochi wina anaimbira a Milan kuwafunira mafuno abwino pa koleji ya kummawa, a Milan n'kudabwa kuti koleji yake iti. Anafunsa uyu, anafunsa uyo, mpaka anaimbira a Ostby, ndipo a Ostby anawauza komwe anazimva.

A Milan ndi munthu wamkulu thupi ngati mwana wawo, koma alibe manyazi a mwana wawo. Anawapeza a Rudy pa windo langa lomwelo, anyamata akuchita zokonzekera, makolo ali mbwee.

"Perala! Ndinakuuza liti ine kuti mwana wanga wavomera kummawa?"

A Rudy sanabwerere m'mbuyo. Anakweza chibwano. "Sunandiuze."

"Ndiye?"

"Ndimafuna ndione ngati munthu uja amafuna wanga kapena wako. Ndaona."

"Waona chiyani, kachitsiru iwe? Ukudziwa zomwe wandiuza Ostby? Akuti tsiku lomwelo anaimbira kochi wa anyamatawa kufunsa, n'kumva kuti n'zabodza. Akuti mwana wako ankamufuna, ankamufunadi, anakangana ndi abwana ake chifukwa cha iye. Koma sangatenge mwana amene bambo ake amamunamiza m'maso muli gwa zinthu zisanayambe n'komwe. Akuti zaka zinayi ndi kholo lotero, ayi."

"Nanga akananena chiyani?" anatero a Rudy. "Akanati, 'Eya, ndimam'gwiritsa ntchito'? Ngati anadziwa tsiku lomwelo kuti n'zabodza, bwanji sanakuimbire iwe? Bwanji anzake anasiya kukuimbira? Anawauza ndani? Anaisiya nkhaniyo iyende kuti ena achoke, atsale yekha. Ganiza, Milan."

A Milan anangoti, "Usadzalowenso m'sitolo mwanga," n'kuchoka.

Toivo anali ataima pakhomo lolowera pa ayezi, chipewa chili m'manja, ndipo anamva zonse. Sanakuwe. Anayenda pa mphira wa pakhonde ndi nsapato zake za pa ayezi, zomwe zinamufikitsa msinkhu umodzi ndi bambo ake, n'kuwayang'ana.

"Adadi, nanga zikanakhala kuti amanena zoona?"

"Sankanena zoona."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndikuwadziwa anthu amenewa, mwana wanga."

"Ngakhale ndikanakhala nyambo, ndikanakafika kumeneko. Ndikanakalowa pa ayezi wawo. Akanandiona. Mukanandisiya ndikadzionere ndekha."

Anavala chipewa n'kubwerera m'bwalo. Tanner, yemwe anali kumbuyo kwake monga mwa nthawi zonse, anayang'ana a Rudy, n'kuyang'ana ine, misozi ili m'maso, chimunthu chonsecho, n'kutsatira mnzake.

Tanner anapita ku koleji ya a Ostby. Anapita yekha, ndipo mayi ake ankati miyezi yoyamba ankaimba akufuna kubwerera. Anapirira, anasewera zaka zake zonse, osati mwapamwamba koma mokwanira, ndipo lero amagulitsa makina a m'migodi. Toivo sukulu itatha analongedza chikwama n'kukwera basi ya ku Manitoba, kutsidya kwa malire a dziko lathu, kukasewera m'timu ya achinyamata ya m'tauni ina ya tirigu, akugona kwa banja lina lachilendo. Kumeneko anathyoka mphuno, anataya dzino, anamwetsa zigoli zambiri. Makoleji aakulu ankabwera kudzamuona n'kumati ndi wabwino, akanangotalikirako pang'ono. Mawu amenewa Gail sankawafikitsa kwa amuna ake, poti ankadziwa kuti awasangalatsa. Pamapeto anatengedwa ndi kakoleji kakang'ono ka ku Wisconsin, kopanda makamera, komwe anakhala kaputeni n'kuphunzira za magetsi. Pano ali ku Duluth, ali ndi mkazi ndi ana aakazi awiri.

Chaka choyamba cha ku Manitoba chija sankalankhula ndi bambo ake. Akaimba foni a Rudy n'kuyankha, ankangoti, "Amayi alipo?" A Rudy ankayendetsa galimoto ulendo wautali kuoloka malire kukamuonera, n'kukhala pakona, n'kubwerera osamuuza kuti anabwera. Toivo ankawaona. Anandiuza yekha patapita zaka kuti munthu wamfupi wotsinzina diso limodzi sabisika m'bwalo lopanda anthu. Tsiku lina atatha masewera anatuluka n'kuwapeza akukanda ayezi pa galasi la galimoto, n'kuwauza kuti, "Tiyeni tikadye, mdala." Anayambiranso pamenepo. Nkhani ija sanaikambenso.

A Milan anakhululuka mochedwa. A Rudy ankagula misomali ku tauni ina kwa zaka zingapo, akunena kuti ya kumeneko ndi yolimba.

Chinthu chimodzi chinachitika Tanner ali m'chaka chachiwiri. Tinkaonera timu yake pa kanema kwa Gail, Lamlungu masana, ndipo pa ayezi panalowa wosewera watsopano, kamnyamata kakafupi kuposa Toivo, kothamanga ngati kaponyedwa. Wolengeza anati a Ostby ndi amene anakapeza kumudzi wina wa ku Alberta. Kanamwetsa chigoli. Gail anangotembenuka n'kuyang'ana amuna ake.

A Rudy anaonerabe kwa kanthawi. Kenako anati, "Fufuzani. Mupeza kuti kali ndi mnzake wamtali."

Gail anaponya nsalu ya mbale n'kupita kukhitchini. Tinatsala awiri. Masewera anapitirira, kamnyamata kaja kakulowa n'kutuluka, ndipo a Rudy sankayang'ana wina aliyense koma iko. Itakwana nthawi yopuma, anatsitsa mawu a kanema, n'kulankhula osandiyang'ana.

"A Marlys, tsiku lija munali pafupi. Nkhope yake munaiona. Nditamuuza za Vukelich, anaoneka bwanji? Ngati munthu amene wataya chomwe amafuna, kapena ngati munthu amene wazindikira kuti ndikunama?"

Ndinayesetsa kukumbukira. Ndinakumbukira jekete lobiriwira, khofi akusefukira, chala changa chikupsa.

"Alamu, anaoneka ngati munthu wotopa," ndinatero. "Kupitirira apo sindikudziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinadikira kuti anene kuti otopa ndi amene amaopsa kwambiri, kapena china chotero, poti sankasowa chonena. Sananene. Anakwezanso mawu a kanema, osewera akubwerera pa ayezi, n'kundipempha kuti ndikafunse Gail ngati khofi watsala.